Kamzere koimitsa ntchito: momwe kompyuta imafufuzira preprocessor isanamange pulogalamu

Aliyense amene adayesapo kumanga pulogalamu pakompyuta yoyendera Linux amaidziwa mizere yambirimbiri imene imathamanga pasikirini, uliwonse ukuyamba ndi liwu la Chingerezi loti "checking". Pakati pa mizereyo pamakhala wina wonena kuti "checking how to run the C preprocessor... gcc -E". Ambiri sauwerenga n'komwe chifukwa umadutsa mwa kuphethira kwa diso. Koma tsiku limene mzerewo wathera ndi "/lib/cpp" m'malo mwa "gcc -E", kenaka n'kubwera uthenga woti "fails sanity check", ntchito yonse imaima pomwepo.

Kwa katswiri amene wakhala muofesi ku Ginnery Corner kapena ku Chichiri, vutoli ndi laling'ono. Intaneti ili pomwepo, ndipo mnzake wodziwa zambiri ali patebulo loyandikana nalo. Zinthu zimasiyana kwa mmisiri amene watumidwa kukakonza kompyuta pachipatala chaching'ono kapena pasukulu ya sekondale ku Chileka, ku Lirangwe, ku Mdeka kapena m'midzi ya kwa T/A Chigaru m'boma la Blantyre. Kumeneko netiweki imabwera n'kumapita, magetsi sapanganika, ndipo kubwerera m'tauni kukatenga chimene chaiwalika kumadya tsiku lathunthu pamodzi ndi ndalama ya thiransipoti. Mmisiri womvetsa tanthauzo la kamzereka akhoza kumaliza ntchito dzuwa lisanalowe. Wosamvetsa amazimitsa kompyuta n'kulonjeza kuti abweranso sabata yamawa.

Mapulogalamu amene timadalira

Nkhaniyi ikuoneka ngati ya akatswiri okhaokha, komatu mizu yake ili m'zipatala zathu zomwe. M'chaka cha 2001, bungwe la Baobab Health lidayamba kuika makompyuta okhudza ndi chala pasikirini pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Mu 2006, pulogalamu yake yosunga kaundula wa anthu olandira ma ARV idayamba kugwira ntchito pachipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, ndipo kuchoka apo idafalikira m'zipatala zambiri m'dziko muno. Pulogalamuyi idamangidwa pa zipangizo zaulere zimene aliyense ali ndi ufulu woona m'kati mwake: Linux yoyendetsa kompyuta, MySQL yosunga kaundula, ndi Ruby on Rails yolembera pulogalamuyo.

Apa ndi pamene kamzere kaja kakulowera. Chiyankhulo cha Ruby sichidziyendetsa chokha. Pulogalamu imene imawerenga ndi kuyendetsa Ruby idalembedwa m'chiyankhulo china chakale chotchedwa C. N'chimodzimodzinso ndi Python, chiyankhulo chimene achinyamata ambiri amayambira akamaphunzira kulemba mapulogalamu masiku ano. Pulogalamu ya pachipatala kapena pasukulu ikafuna mtundu wa Ruby kapena Python umene suli pakompyutapo, mmisiri amayenera kuumanga yekha pamakina omwewo. Akangoyamba, mizere ya "checking" ija imatulukira, ndipo umodzi mwa iyo ndi wofufuza preprocessor.

Kompyuta ikakhala yakufa pachipatala, odwala salephera kulandira mankhwala, koma ogwira ntchito amabwerera ku mapepala, mzere umatalika, ndipo zolembedwazo zimadzafunika kuzilowetsanso mukompyuta tsiku lina. Choncho kuchedwa kwa mmisiri kumamveka mpaka pabenchi pamene pakhala mayi amene wayenda mtunda wautali kuchokera kumudzi.

Kumanga pulogalamu n'kutani?

Kompyuta simva mawu a munthu. Imamva manambala okha, ndipo manambalawo amasiyana malinga ndi mtundu wa purosesa imene ili m'kati mwake. Munthu amalemba pulogalamu m'chiyankhulo chimene iye angathe kuwerenga, monga C, chimene Dennis Ritchie adachikonza ku Bell Labs m'dziko la America cha m'ma 1972. Zolembazo zimayenera kusandutsidwa manambala a makina, ndipo kusandutsako ndiko kumatchedwa kumanga pulogalamu.

Ntchitoyi ili ndi magawo anayi otsatizana. Loyamba ndi la preprocessor, imene imakonza zolembazo. Lachiwiri ndi la compiler, imene imazimasulira kupita m'chiyankhulo choyandikira cha makina. Lachitatu ndi la assembler, imene imasandutsa zimenezo manambala enieni. Lachinayi ndi la linker, imene imalumikiza zidutswa zonse kukhala pulogalamu imodzi yoyenda. Monga momwe wofuna ufa woyera amayambira kukonola chimanga asanakagayitse mphale, gawo loyamba likalephera, otsatirawo sangayambe.

Pa Linux ndi makompyuta ena a banja la Unix, mmisiri amalemba malamulo atatu motsatizana: "./configure", "make" ndi "make install". Tikayerekeza ndi kumanga nyumba, configure ndi mmisiri amene akuyendera puloti ndi kuwerenga zipangizo, make ndi kumanga kwenikweniko, pamene make install ndi kusamutsira katundu m'nyumba yatsopanoyo. Mizere yonse ya "checking" imachokera ku configure. Iye samanga kanthu. Ntchito yake ndi kufunsa kompyuta mafunso ambirimbiri, kulemba mayankho, ndi kukonza malangizo amene make adzatsate.

Mlembi wa pulogalamu

Kuti timvetse ntchito ya preprocessor, tiganizire mlembi wa mfumu. Mfumu ikafuna kutumiza kalata, ikhoza kulemba mwachidule n'kuika malangizo m'mbali: apa ukopere mayina onse a nyakwawa kuchokera m'kaundula, paliponse pamene ndalemba kuti "tsiku la msonkhano" uikepo deti lenileni, ndime iyi uiike m'makalata opita kutsidya kwa mtsinje okha, zimene ndalemba ndi pensulo ndi zondikumbutsa ine, usazikopere. Mlembi amatsata malangizowo n'kutulutsa kalata yathunthu. Sayeza ngati mfumu yaganiza bwino kapena ayi. Iye amangokopera, kulowetsa ndi kuchotsa.

Preprocessor imachita zomwezo, ndipo malangizo ake amayamba ndi chizindikiro cha #. Ikapeza "#include", imapita kukatenga fayilo yotchulidwayo n'kukopera zonse zimene zili m'menemo. Mafayilo oterewa amathera ndi ".h" ndipo akatswiri amawatcha ma header. Ikapeza "#define", imadziwa kuti dzina lakutilakuti likuimira chinthu chakutichakuti, ndipo imalowetsa chinthucho paliponse pamene dzinalo laoneka. Ikapeza "#ifdef", imasankha ndime yoti itsale ndi yoti ichoke malinga ndi makina amene pulogalamuyo ikumangidwira. Ndemanga zimene wolemba adadzilembera kuti zizimukumbutsa imazichotsa zonse.

Kukula kwa ntchitoyi kumaoneka pa chitsanzo chaching'ono. Kapulogalamu ka mizere isanu kongolemba moni pasikirini, kamene kali ndi "#include" imodzi yokha ya fayilo ya "stdio.h", kamatuluka ndi mizere mazanamazana kakadutsa m'manja mwa preprocessor. Aliyense akhoza kudzionera yekha polemba "gcc -E" n'kutsatiza dzina la fayilo yake. GCC ndi compiler yaulere imene Richard Stallman adatulutsa koyamba mu 1987, ndipo chilembo cha E chimaiuza kuti igwire ntchito ya mlembi yokha, isapitirire kumasulira.

Bwanji osangoiitana?

Funso lobwera msanga ndi lakuti, ngati preprocessor ndi yodziwika chomwechi, n'chifukwa chiyani configure amataya nthawi kuifufuza? Yankho lili m'mbiri. M'zaka za m'ma 1980, makampani monga Sun, IBM, Hewlett-Packard, DEC ndi NeXT ankagulitsa makompyuta a Unix, aliyense ndi kakonzedwe kake. Pamakina ena preprocessor inkapezeka ngati pulogalamu yoima payokha pamalo otchedwa "/lib/cpp". Pa ena njira yodalirika idali yodzera mwa compiler. Wolemba pulogalamu amene ankafuna kuti ntchito yake iyende paliponse ankasowa pogwira.

David MacKenzie, amene ankathandiza kusamalira mapulogalamu a GNU, adayamba kuthana ndi vutoli mu 1991, ndipo mu 1992 adatulutsa chida chotchedwa Autoconf. Chidachi ndicho chimalemba fayilo ya configure imene imabwera ndi mapulogalamu ambiri mpaka lero. Mfundo yake yaikulu ndi yosavuta: usafunse dzina la kompyuta n'kuganizira zimene ingathe, koma ipatse kantchito kakang'ono uone ngati ikwanitsa. Wolemba pulogalamu amangoika liwu loti "AC_PROG_CPP" m'malangizo ake, ndipo Autoconf imamulembera ndime yonse yofufuza preprocessor.

Ambiri mwa makina a nthawi imeneyo adatha kalekale, koma kusiyana kwa makompyuta kudakalipo. Pali GCC ndi mnzake Clang. Pali mapurosesa a Intel ndi AMD mbali ino, ndi a ARM mbali inayo, monga amene ali mu tikompyuta ta Raspberry Pi timene timadya magetsi ochepa. Pali Ubuntu, Debian, Fedora ndi mitundu ina ya Linux, uliwonse ndi kaikidwe kake ka mafayilo. M'dziko ngati lathu, momwe chipinda chimodzi cha makompyuta pasukulu chimatha kukhala ndi makina a mphatso ochokera kosiyanasiyana, a zaka zosiyananso, kuyesa m'malo mongoganizira kudakali kwanzeru.

Mayeso awiri

Configure akafika pa preprocessor, amayamba waona ngati mmisiri wamuuza kale yoti agwiritse ntchito. Izi zimachitika kudzera m'dzina loti CPP, limene munthu angalipatse lamulo lake. Ngati palibe chimene wauzidwa, amatenga mndandanda wa njira n'kuyamba kuziyesa imodziimodzi. Yoyamba ndi compiler imene waipeza kale, ataiwonjezera "-E". Yachiwiri ndi yomweyo, ataiwonjezeranso "-traditional-cpp". M'mitundu yatsopano ya Autoconf pamabwera "cpp" payokha. Yotsiriza pamndandandawo ndi "/lib/cpp".

Njira iliyonse imapatsidwa mayeso awiri, ndipo imayenera kukhoza onse.

Pa mayeso oyamba, configure amalemba kafayilo kongoyembekezera kotchedwa "conftest.c". M'kati mwake amaikamo lamulo loitana fayilo ya "limits.h", imene imayenera kupezeka pa makina aliwonse okhoza kumanga pulogalamu ya C. Pansi pake amalembapo dala mawu awiri oti "Syntax error", amene m'chiyankhulo cha C alibe tanthauzo lililonse. Preprocessor yeniyeni imapeza fayiloyo, imaikopera, ndipo mawu opanda pakewo imawadutsitsa osadandaula, pakuti mlembi saweruza kalata. Chida chikadandaula ndi mawuwo, ndiye kuti chikuchita zoposa ntchito ya mlembi, ndipo configure amachikana. Msampha umenewu adautchera makompyuta a NeXT, kampani imene Steve Jobs adayambitsa mu 1985, chifukwa pamakinawo lamulo la "cc -E" linkapitirira mpaka kuyamba kuweruza zolembazo. Kampaniyo kulibenso, koma msamphawo udakali m'mafayilo a configure.

Pa mayeso achiwiri, configure amaitana fayilo imene kulibe, yotchedwa "ac_nonexistent.h". Pano akuyembekezera kulephera. Chida chikanena kuti zonse zili bwino pamene fayiloyo kulibe, configure amachitaya.

Mayeso achiwiriwa ndiwo mtima wa nkhaniyi. Wogula mbewu pamsika wa Lirangwe akafuna kutsimikiza sikelo, sakhutira ndi kuona kuti muvi wasuntha ataikapo thumba. Amaonanso ngati muviwo ukubwerera pa ziro pamene palibe kanthu. Sikelo yosonyeza makilogalamu pamene ili yopanda katundu ndi yoipa kuposa yosagwira n'komwe, pakuti imanamiza. Chimodzimodzinso preprocessor yovomera chilichonse. Pambuyo pa mzere uno, configure akhoza kuigwiritsa ntchito pofunsa ngati mafayilo ena alipo. Ikamayankha kuti inde pa chilichonse, configure adzalemba mayankho abodza, ndipo pulogalamu idzasweka patsogolo, pamalo ovuta kulondola chiyambi chake.

Njira yoyamba kukhoza mayeso onse awiri ndiyo imasankhidwa, ndipo dzina lake ndi limene limaoneka kumapeto kwa mzere uja. Pamakompyuta ambiri a Linux yankho limakhala "gcc -E".

Uthenga woloza wosalakwa

Njira zonse zikalephera, configure amatsala atagwira yotsiriza pamndandanda, ndiye amalemba kuti C preprocessor "/lib/cpp" fails sanity check. M'Chichewa tinganene kuti chida chotchedwa /lib/cpp chalephera mayeso oona ngati chili bwinobwino. Apa ndi pamene amisiri ambiri amasocherera. Poona dzinalo, amayamba kufunafuna fayilo ya /lib/cpp, ena amaipanga okha, ena amaikopera kuchokera pakompyuta ina. Zonsezo n'kutaya nthawi. Dzinalo latchulidwa chifukwa chakuti ndilo lidali lomaliza kuyesedwa. Funso loyenera ndi lakuti, n'chifukwa chiyani njira yoyamba ija, "gcc -E", idalephera?

Yankho limakhala lolembedwa kale m'fayilo ya "config.log", imene configure amaisiya mufoda momwemo. M'menemo muli lamulo lililonse limene adayesa, kafayilo kamene adalemba, ndi dandaulo lenileni limene makina adabweza. Fayiloyi ndi yaitali, ndipo kumapeto kwake kumakhala mndandanda wa mayina ndi manambala umene suthandiza kwenikweni. Chofunika ndi kufufuza mawu oti "how to run the C preprocessor" n'kuwerenga mizere yotsatira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zoyambitsa vutoli zodziwika bwino ndi zitatu.

Choyamba ndi kusowa kwa ma header. Fayilo ya "limits.h" siima yokha. Imaitana ina, inayo n'kuitananso ina, mpaka kufika pa "linux/limits.h", imene imabwera m'phukusi lapadera. Pa Ubuntu ndi Debian phukusilo ndi linux-libc-dev, pamene pa Fedora ndi abale ake ndi kernel-headers. Phukusili likasowa kapena likaonongeka, unyolo umaduka, ndipo config.log amatchula dzina la fayilo yosowayo ndi mawu oti "No such file or directory".

Chachiwiri ndi kusowa kwa compiler ya C++, chiyankhulo china chimene chidaphuka kuchokera ku C. Mapulogalamu ena amafufuza preprocessor ya zonse ziwiri. Kompyuta ikakhala ndi gcc koma ilibe g++, mayeso a C amadutsa bwino, kenaka kumabwera uthenga wofanana ndi uja koma woyamba ndi "C++ preprocessor". Zizindikiro ziwiri zophatikizazo n'zosavuta kuziphonya munthu akamawerenga mothamanga.

Chachitatu ndi malangizo olakwika ochokera kwa mmisiri mwini. Mafayilo a C++ nthawi zambiri amathera ndi ".cpp", choncho anthu ambiri amaganiza kuti dzina loti CPP likuimira C++. Ayi ndithu. Kwa configure, CPP ndi preprocessor ya C, ndipo CPPFLAGS ndi malangizo opita kwa preprocessor, monga malo owonjezera okafunako ma header. Za C++ zimadzera m'mayina a CXX ndi CXXFLAGS. Munthu akalemba "CPP=g++", wauza configure kuti atenge womasulira ngati mlembi. Womasulirayo amakhumudwa pa mawu aja oti "Syntax error", ndipo mayeso amalephera. Pamenepa uthenga umatchula chida chimene munthuyo adalemba m'malo mwa /lib/cpp. Mankhwala ake ndi kufufuta dzinalo ndi lamulo la "unset CPP" n'kumusiya configure asankhe yekha.

Uthengawu usasokonezedwe ndi wina woti "C compiler cannot create executables". Umenewo umabwera poyambirira, configure asanafike pa preprocessor, ndipo umatanthauza kuti compiler yalephera kumanga ngakhale kapulogalamu kopanda kanthu.

Kukonzekera ulendo wa kumudzi

Pa Ubuntu ndi Debian, zambiri mwa zosowazi zimatha ndi phukusi limodzi lotchedwa build-essential, limene limakoka gcc, g++, make ndi ma header a C. Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adaiyambitsa mu 2004 n'kuitcha dzina lofanana tanthauzo ndi umunthu wathu, siika zida zomangira zonsezi yokha pamene munthu akuikhazikitsa pa seva. Mmisiri amayenera kuziitanitsa. Pamene pali intaneti yabwino, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Pamene munthu akudalira bandulo ya pafoni ndi netiweki yodukaduka, ndi nkhani ina.

N'chifukwa chake ntchito ya ku Lirangwe kapena kwa Chigaru imayambira m'tauni. Mmisiri wanzeru amafunsiratu mtundu wa Linux umene uli pakompyuta imene akupitira, nambala yake, ndi mtundu wa purosesa. Akatero amayesa kumanga pulogalamuyo pamakina ofanana nawo asananyamuke, n'kusunga pa fulashi maphukusi onse ofunika pamodzi ndi ena amene iwo amadalira. Phukusi la Ubuntu 22.04 silingangolowetsedwa mu Ubuntu 18.04, ndipo la purosesa ya Intel siligwira pa ARM. Safunsa adadya phula.

Ngati makina a kumudziwo ndi ofooka, monga Raspberry Pi, pulogalamu ikhoza kumangidwa pakompyuta yamphamvu m'tauni n'kungoinyamula yomangidwa kale. Pochita zimenezi configure amauzidwa, kudzera m'mawu oti "--host", mtundu wa makina amene pulogalamuyo ikupita. Pamenepa kamzere kaja kamakhala umboni wofunika. Kayenera kusonyeza compiler ya ARM, osati gcc wamba ya pakompyuta yomangirapo. Kakasonyeza gcc wamba, ndiye kuti mlembi akukopera m'kaundula wa mudzi wina.

Pali zinanso ziwiri zimene zimavuta makamaka pamakompyuta akale. Magetsi akathima phukusi lili m'kati molowa, likhoza kutsala lolowa theka, ndipo limafunika kulilowetsanso. Komanso kabatire kakang'ono kosunga nthawi m'kati mwa kompyuta kakatha mphamvu, wotchi imabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Mapulogalamu ambiri ali ndi mayeso ena a configure oona zimenezi, ndipo amakana kupitirira akapeza kuti fayilo imene yangolembedwa kumene ikuoneka yakale kuposa imene idabwera ndi pulogalamu. Kukonza deti musanayambe kumapulumutsa maola.

Pomaliza, vuto likakonzedwa, ndi bwino kuyambiranso configure pamalo oyera. Ngati adauzidwa kusunga mayankho ake m'fayilo ya "config.cache", fayiloyo ifufutidwe, kuopa kuti angatengenso yankho lakale lija.

Khomo limene mbala idalowera

Pali chifukwa chinanso chosanyozera gawo la configure, ndipo dziko lonse lidachiona mu 2024. Pa 29 March chaka chimenecho, katswiri wa ku Microsoft, Andres Freund, adaulula kuti m'pulogalamu ya XZ Utils, imene imapanikiza mafayilo pa makompyuta ambiri a Linux, mudabisidwa khomo lachinsinsi. Mwa zina, iye adaona kuti kulowa pa seva kudzera mu SSH kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Atalondola, adapeza kuti mitundu ya 5.6.0 ndi 5.6.1 idali yoipitsidwa.

Munthu amene ankagwiritsa ntchito dzina loti Jia Tan, yemwe adakhala zaka zoposa ziwiri akuthandiza pa pulogalamuyo mpaka kukhulupiriridwa, sadaike chiwembucho poyera m'zolemba za C zimene anthu amawerenga. Kiyi wake adamubisa m'fayilo yotchedwa "build-to-host.m4", imene imalowa mu configure, malo amene anthu ochepa amayang'anako. Pamalo ena, m'malangizo a chida china chomangira chotchedwa CMake, mudapezeka kadontho kamodzi koikidwa dala m'kapulogalamu koyesera. Kadonthoko kankachititsa kuti mayesowo alephere nthawi zonse, motero chitetezo china chotchedwa Landlock chinkasiyidwa ngati kuti makinawo alibe. Chiwembucho chidagwidwa chisanalowe m'mitundu yokhazikika ya Debian ndi Ubuntu imene ma seva ambiri amagwiritsa ntchito.

Phunziro lake kwa amisiri athu ndi lachindunji. Configure ndi pulogalamu yoyenda, yokhoza kuchita chilichonse chimene munthu woiyendetsa ali ndi mphamvu yochita pakompyutapo. Choncho pulogalamu yomanga itengedwe kwa eni ake enieni, osati pa fulashi yongodutsa m'manja ambiri popanda wodziwa gwero lake. Configure ndi make ziyendetsedwe ndi akaunti wamba, ndipo mphamvu za root zisungidwire gawo lotsiriza la make install lokha. Pa seva yosunga mbiri ya odwala, kusamala kotere ndi mbali ya kusunga chinsinsi cha anthu.

Luso loyenera kufika kumudzi

Autoconf yakalamba, ndipo kutuluka kwake kumachedwa: mtundu wa 2.69 udatuluka mu 2012, wotsatira wa 2.70 n'kudzabwera mu December 2020. Mapulogalamu ambiri atsopano asamukira ku zida monga CMake ndi Meson. Komabe zida zimenezi nazo zimayesa makina zisanamange, ndipo nazo zimasiya fayilo yofotokoza chimene chidalephera. Wodziwa kuwerenga config.log savutika kuzolowera zinazo.

Sukulu zathu za ukachenjede, monga MUBAS ku Blantyre, MUST ku Thyolo, University of Malawi ku Zomba ndi Mzuzu University, zimatulutsa achinyamata odziwa kulemba mapulogalamu chaka ndi chaka. Koma kulemba pulogalamu ndi kuimanga pamakina a eni ake ndi maluso awiri osiyana, ndipo lachiwirili ndi limene limafunika kwambiri kunja kwa mzinda. Boma ndi mabungwe akamapereka makompyuta kuzipatala ndi kusukulu za kumidzi, funso lisamathere pa chiwerengero cha makina operekedwa. Pafunikanso kufunsa kuti ndani, pafupi ndi malowo, angathe kuwerenga uthenga wa vuto n'kulondola gwero lake popanda kudikira galimoto yochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Kuphunzira zimenezi sikulira ndalama zambiri. Mphunzitsi wa kompyuta pasukulu ya sekondale, kalaliki wa kaundula pachipatala, kapena wachinyamata wokonza mafoni pamsika akhoza kuyamba ndi kompyuta imodzi yakale ya Linux. Alembe kapulogalamu ka mizere isanu, akadutsitse pa "gcc -E" n'kuona zotuluka. Kenaka aitane dala fayilo imene kulibe, awerenge dandaulo la makina. Akatero wachita ndi manja ake mayeso omwewo amene configure amachita, ndipo tsiku limene uthenga wa /lib/cpp udzamutulukira adzadziwa fayilo yoyamba kutsekula.